Mmene Ndinalowera Maphunziro a Madigiri Awiri

Amene akuti ine Chimbalanga sindinapondeko ku yunivesite aimirire, ndimuone nkhope. Palibe? Chabwino. Iwe Tadala mdzukulu wanga, pukuta misozi. Sanakusankhe ku maphunziro a madigiri awiri nthawi imodzi, inde, koma ukulira pamaso pa munthu amene analowa kumeneko ali kale ndi imvi.

Chaka chimenecho malo anali amodzi okha dziko lonse, ofuna malowo ndiye osanena: mzere unayambira pakhomo pa yunivesite kutauni, kudutsa pa Mponela n'kudzathera pano pa Madisi, moti ine sindinakwere basi, ndinangotuluka m'chigafa cha fodya n'kuima kumapeto kwake. Mukumva? Unkayenda pang'onopang'ono mzerewo, mwakuti mnyamata amene anali patsogolo panga anafunsira mtsikana wa patsogolo pake tili pa Mtengowanthenga, pofika pa Lumbadzi mwana wawo anali akuyenda, nayenso n'kuima pamzere.

Ine ndinkawerenga ndili chiimire, mutu n'kumatupa ndi nzeru, chipewa kung'ambika, khosi kutopa, mpaka ndinachita kubwereka wilibala yokankhiramo mutuwo. Titafika anatipatsa mayeso awiri pakamodzi, a udokotala ndi a zamalamulo, ine dzanja lamanja udokotala, lamanzere malamulo, phazi likuingitsa ntchentche, bolopeni kutentha mpaka kusungunuka, utsi tolotolo, anthu a kumapiri a Ntchisi n'kumafunsana kuti ndani akutentha tchire nthawi isanakwane. Woyang'anira mayeso anatsokomola kamodzi, ine osadzutsa mutu ndinamuuza matenda ake, mankhwala ake, ndi munthu woti akamusumire. Ndikanama mphenzi indipeze pompano.

Mkulu wa sukuluyo anandiitanitsa. "Bambo, mwakhoza ndinu nokha. Koma kuno kulibe tchuthi, simudzapita kumudzi mpaka mutamaliza."

Pamenepo mtima unandipweteka. Fodya anali atauma m'chigafa, agogo ako aakazi ali okha ndi msana wawo uja, mwini esiteti akudikira mabelo. Ndisiye malo amene dziko lonse laimira pamzere? Ndisiye mkazi? Ndinagwira khutu ili ndi ili, n'kukoka, n'kukokanso, mpaka ndinang'ambika pakati ngati chinangwa chophika, Achimbalanga awiri ali chilili, kupatsana moni mwaulemu. Mukumva? Wina anatsala ndi mabuku, wina anauyamba wa kumudzi kukasankha fodya.

Wa fodyayo ndi ine. N'chifukwa chake ukandipatsa nyuzipepala ndimaigwira chadodolido, wodziwa kuwerenga ndi uja. Panopa ali kunja, m'mawa amachita opaleshoni, masana amaweruza milandu, ndipo sananditumizireko ngakhale sopo.

Chaka chamawa ukayesenso, Tadala. Akakakufunsa, ukawauze kuti ndiwe mdzukulu wa tonse awiri.