Njinga ya Abambo Ikudikira Kaliyala

Lolemba

Njinga yafika! Ndayigula kwa mkulu wina wa pa esiteti ya fodya amene akusamukira ku Lilongwe. Ya magiya, matayala onenepa ngati a mthuthuthu, masipuling'i kutsogolo, ponyamulira katundu kumbuyo. Mwini wake akuti kunja anthu amakwera nayo mapiri. Kuno ku Kasungu phiri n'limodzi, ndipo sindikudziwa munthu amene ali ndi chochita pamwamba pake.

Koma kulemera, abale! Ndayesa kuyikweza pakhonde, msana wanga walira.

Njingayi si yanga, ndi ya abambo ku Kapelula. Yawo yakuda ija idathyoka pakati. Chaka chino dzina lawo latuluka, ali ndi kuponi ya feteleza, atakhala zaka akungomva mayina a anzawo. Depoti ili kutali, bondo lawo n'lotupa, ndipo mzere umayamba tambala asanalire. Wapansi amafika anzake atatenga kale malo. Popanda njinga palibe feteleza, ndipo chimanga chawo chafika kale m'mawondo. Ndawalonjeza kuti Lachitatu ndikaweruka kusukulu njinga ifika.

Vuto n'limodzi: ikwera bwanji pagalimoto?

Galimoto yanga ndi yaing'ono, yoyera, yopanda ndi kachipsera komwe. Amake Tadala amayitcha mkazi mnzawo. Madzulo ano akuti, "Bwanji osangopita ndi galimotoyo mukawatengere fetelezayo?"

Anthu ena! Feteleza amadya chitsulo, aliyense amadziwa. Komanso ana akulemba mayeso, sindingakaime pamzere masiku. Njinga ndiyo yankho. Chikungofunika ndi kaliyala wa pagalimoto, woyenera, wa anthu ophunzira.

Lachiwiri

M'mawa ndayesa kuyilowetsa m'buti. Yakana. Ndayesa pampando wakumbuyo. Yalowa theka, pedulo yakola nsalu ya mpando, nsalu yang'ambika. Ndakhala pansi kaye. Mtima ukuwawa ngati ang'amba khungu langa.

Amake Tadala: "Mangani ndi malegeni pamwambapo, ngati anthu onse."

Malegeni pagalimoto yanga? Ine ndine wogulitsa makala?

Kusukulu nkhaniyi yatenga nthawi yonse ya tiyi. A Zimba, aphunzitsi a masamu amene timayandikananso nyumba, atulutsa foni n'kutionetsa zithunzi. Mitundu ilipo itatu:

wa padenga, njinga n'kuima chilili ngati ikupita yokha;
wa pachitseko cha buti, wokola ndi malamba;
wa pachitsulo chokokera ngolo, chimene galimoto yanga ilibe.

A Zimba akuti wa padenga. Aphunzitsi a zaulimi akuti padenga mphepo idzakugwetserani m'dimba la munthu. Ahedi akuti m'masiku awo njinga ankangoyikwera. Aliyense ndi katswiri, koma mwa onsewo wagalimoto ndine ndekha. A Zimba sanamalize n'komwe mfundo yawo, foni yawo ikungolira, apongozi awo akudwala ku Kaluluma.

Ndazungulira masitolo a paboma. Wina wandionetsa mashelefu. Wina wandifunsa ngati ndikufuna kuyamba kabaza. Palibe amene adaonapo chinthuchi ndi maso.

Abambo afulasha pa foni ya mkulu wa mpingo wawo, ine n'kuimba. Akuti, "Aphunzitsi, feteleza wafika. Anzathu ayamba kutenga." Kuyambira tsiku limene ndidalandira kalata ya ntchito sananditchulenso dzina. Ndawauza kuti zonse zili m'malo.

Palibe chili m'malo.

Lachitatu

Ndasankha: wa kumbuyo. Ndajambula papepala ndi rula, miyeso yonse, mivi yolozera. Ndapita nacho kwa a Nyirenda owotcherera zitsulo kuseri kwa msika. Pepala langa aliyang'ana mozondotsa, alipinda, aphimbira kapu yawo ya tiyi.

"Palije suzgo, asambizgi."

Munthu akayamba ndi palibe vuto ndimayamba kuopa.

Adula chitsulo chimodzi, magetsi thi! Tadikira. Ine, a Nyirenda, mayi wina wa mbaula yothyoka mwendo, ndi bambo wa ngolo amene ng'ombe zake zadya chipewa cha munthu. Dzuwa lapendeka magetsi osabwera.

"Namachero," akutero a Nyirenda. Mawa.

Mawa ndi la onse, koma ine ndidalonjeza lero.

Abambo afulashanso. Ndayang'ana foni kanthawi ndisanaimbe. Anayenda wapansi mpaka kudepoti, afika dzuwa lili pamutu, mzere wazungulira mpaka kuchigayo. Abwerera chimanjamanja. Sakudandaula. Akanadandaula bwenzi zili bwino. Akungoti, "Musavutike, aphunzitsi, tikudziwa kuti ndinu otanganidwa."

Amake Tadala aika malegeni patebulo, pafupi ndi mbale yanga. Ndawasunthira kumbali. Njinga ili pabalaza, yatsamira kabati, ikudya malo a mipando iwiri. Alendo akabwera amayipatsa moni kaye.

Lachinayi

Kaliyala watha. Mayo ine!

A Nyirenda amupanga ndi zitsulo za jeke yakale yodindira fodya. Akuti njinga yolemera imafuna chitsulo cholemera. Kaliyala yekhayo tamunyamula anthu atatu. Tamukola kumbuyo, galimoto yakhala pansi ngati nkhuku yofungatira. Taikapo njinga, mphuno ya galimoto yaloza kumwamba.

Ndati ndiyese kuzungulira msika kamodzi. Zimene zachitika pa ulendo waufupi umenewu:

ekizozi yakhula pansi, moto kuthetheka;
ana asukulu andiwombera m'manja, ena a m'kalasi mwanga;
wapolisi wapamsewu wandiimitsa, akuti nambala ya galimoto sikuoneka, ndipo wafunsa mwaulemu ngati ndikusamutsa chigayo;
pabampu ya pafupi ndi sitolo ya mbewu, bampala yagwa.

Ndayitola ndekha bampalayo, pamaso pa anthu, tayi ili m'khosi.

Pachitseko cha buti pali zipsera ziwiri, zazitali, zakuya. Ndakana malegeni poopa kachipsera. Lero ndili ndi zipsera zoti mbuzi ingamwere madzi.

A Nyirenda sakuona cholakwika. Akuti kaliyala ali bwino, galimoto ndiyo yofooka. A Zimba atipeza pomwepo, akugwedeza mutu: "Ndinanena ine, achimwene. Padenga." Ndavomera. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada, koma pusiyo analibe bampala yoti atole.

Tiyambiranso. Wa padenga, wotakata, njinga igone chogona.

Lero abambo sanafulashe. Ndaimba ndekha. Mkulu wa mpingo akuti bondo lawatupa kwambiri chifukwa cha ulendo wa dzulo, agona m'nyumba. Akutinso chimanga chawo chayamba chikasu m'masamba a m'munsi. Ndinafunsa za chimanga ine?

Chakudya sichikulowa.

Lachisanu

Magetsi alipo. Chodabwitsa!

Masana kaliyala wakwera padenga. Ndinene zoona, uyu ndi wabwino: wotakata, wowongoka, wa timipanda m'mbali, mphira pansi kuti asakhule. Ndamugwedeza ndi manja awiri, galimoto yonse yagwedera, iye osasuntha. Anthu a pamsika aima kumuyang'ana. Kwa nthawi yoyamba sabata ino ndamva ngati munthu.

Chimodzi chokha: ndi wakuda, wa dzimbiri, mawanga a moto paliponse, pagalimoto yoyera. Kufika naye kumudzi chonchi, anthu adzati mwana wa a uje wayamba kugula zitsulo zakutha. Ndati amupake penti woyera. A Nyirenda akuti penti ameneyu amauma msanga.

Sakuuma. Mitambo yadzaza, mphepo ya chinyontho, ndikakhudza chala chimamata. Ndikaikapo njinga tsopano zonse ziwonongeka. Ndakhala pa benchi ya a Nyirenda kuyang'ana penti mpaka dzuwa kulowa. Munthu wamkulu, wa banja, wophunzitsa ana a eni.

Abambo afulasha. Akuti lole yomaliza yatsitsa lero, ndipo a kudepoti anena kuti ukatha uwu watha, mawa masana akutseka. "Kaya mwina sudali wathu, aphunzitsi."

Ndawauza kuti asayende. Adikire pakhomo atavala. Ndinyamuka m'bandakucha, njinga padenga, ndikawatenga iwo ndi kuponi yawo mpaka pakhomo pa depoti. Matumbawo ngati n'kulowa m'buti alowe, chitsulo adye, chadyeka kale.

Amake Tadala amva zimenezi ali kukhitchini. "Ee, lero feteleza wasiya kudya chitsulo?"

Usiku penti atauma tayikweza njinga, ine, iwo ndi a Zimba. Tamanga. Ndi chiyani? Ndi malegeni omwe aja, poti malamba a m'zithunzi kuno kulibe. Yagona bwinobwino. Mafuta ndathira. Zonse zili m'malo, ulendo uno zenizeni.

Loweruka

Kusanayere bwino, odi pakhomo. Ine nsapato zili kuphazi, makiyi m'manja.

A Zimba, maso ofiira, ndi akulu awiri a mpingo wawo, zipewa m'manja. Apongozi aja atisiya. Mwambo ndi lero lomwe, ku Kaluluma. Bokosi lagulidwa kwa kalipentala kuno kuboma, koma lole imene amadalira yafa. Akuyankhula ndi ine, maso ali padenga la galimoto.

M'dera lathu lonse galimoto ya kaliyala ndi imodzi. Yoyera, kaliyala wopakidwa penti dzulo, aliyense adayiona.

Ndikanati chiyani? Kuti pepani, maliro anu adikire, ndili ndi njinga? Maliro n'kulirana. Ukakana lero, tsiku lako udzakumba wekha. Tamasula malegeni. Njinga yabwerera pabalaza, pamalo ake.

Bokosi lakwana ndendende, ngati a Nyirenda adachita kuliyeza. Sindikunena kuti a Zimba ankadziwa pamene ankalimbikira za padenga. Sindikunena. Ndangolemba.

Kaluluma uku, Kapelula uko. Mumtima ndati ndikangotsitsa, ndipepese, ndibwerere. Msewu wonse minda ya fodya, matenanti akupalira m'mizere, zigafa zopanda kanthu, ndipo aliyense amene tamudutsa waima n'kuvula chipewa. Okwera njinga akutsika. Ulemu umene galimoto yanga sinalandirepo chigulire.

Tafika. Bokosi latsika. Ndisanatembenuze, andigwira dzanja: "Mpando wa aphunzitsi!" Andikhazika kutsogolo, pakati pa akuluakulu. Kenaka akuti amayi a kwaya atsakamira pamphambano, kagalimoto kawathamangire. Ndapita. Kenaka agogo awiri osatha kuyenda, mpaka kumanda. Ndapita. Wobweretsa bokosi sachoka lisanatsikire m'manda, zimenezo ngakhale mwana amadziwa.

Foni ikunjenjemera m'thumba. Kamodzi, kenaka kachiwiri. Mlaliki ali pakati pa uthenga, ine mpando wakutsogolo, maso onse. Sindingayitulutse. Yanjenjemeranso, kenaka yangoti zii.

Wolankhula m'malo mwa banja wandithokoza pagulu. Akuti masiku ano anthu ophunzira amaiwala kwawo, koma aphunzitsi awa ndi chitsanzo, munthu wosunga nthawi. Anthu ang'ung'udza movomereza. Ndagwetsa misozi, ndipo onse aganiza kuti ndikulira malemu. Sindidawaonepo n'kamodzi komwe.

Tabwerako dzuwa litalowa. Ndaimba, foni ya mkulu wa mpingo yazima.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Njinga padenga, ulendo wa ku Kapelula. Msewu wa mabampu, matope, mchenga. Njinga osagwedera ngakhale pang'ono. Buti ili pululu, malo a matumba awiri ndi ena.

Munda wa abambo uli m'mbali mwa njira yolowera kwathu. Sindinafune kuyang'ana, koma ndayang'ana. Wachikasu. Wa oyandikana nawo wobiriwira mpaka kuda.

Ndawapeza pansi pa chigafa, mwendo atautambasula, bondo lomanga ndi chitenje. Dzulo adadikira pakhomo atavala jekete, monga ndidawauzira. Dzuwa litakwera adanyamuka ndi ndodo. Adafika a kudepoti akusesa. Akuti amayi ena ankatola timibulu ta feteleza pansi n'kumaika m'mipango.

Kuponi ikadali m'thumba la malaya awo, yafewa ndi thukuta. Sanandionetse, ndangoiona ikusuzumira.

Ndatsitsa njinga. Ayisisita chishalo, aliza belu, ayamika. Akuti ndi yabwino kwambiri, bondo likaphwa adzayiyesa. Ndayamba kufotokoza za magetsi, za bampala, za a Zimba. Za penti sindinanene. Andidula mofatsa.

"Tamva, aphunzitsi. Mbiri yanu yafika kuno dzulo lomwe. Akuti bokosi silinachedwe."

Adzuka ndi ndodo, atsimphina mpaka pagalimoto. Zipsera za pabuti sanaziyang'ane, ngakhale bampala yomanga ndi waya. Agwira kaliyala, amugwedeza, agogoda ndi ndodo, ayeza utali wake ndi maso.

"Chitsulo ichi n'cholimba. Musadzachichotse. Langa lisadzachedwe."

Ndati chabwino, abambo.

Feteleza wa m'sitolo ndidzaona mwezi ukatha, ngati chimanga chidzakhale chikumufunabe. Pobwerera kaliyala akulira ndi mphepo njira yonse. Kunyumba amake Tadala abwezeretsa mipando pabalaza. Sananene kuti ndinanena ine, angonditengera madzi osamba.

Mawa ndili ndi mapepala a mayeso oti ndichonge. Kaliyala akhala pomwepo.