Pijoti ya a Morton Yosakhotera Kumanzere

M'nyengo yozizira ya 1994 ndi pamene alamu anga a Morton Daka anasiya kukhotera kumanzere. Aliyense amene anakhalako ku Parklands zaka zimenezo akuikumbukira Pijoti yawo yoyera, siteshoni wagoni yodziwa mbali imodzi yokha ya dziko.

A Morton anali ang'ono awo a amuna anga, a Solomon. Ntchito ya mu ofesi ya mgodi itatha, a Morton anagula puloti ku Garneton, akuti akhale mlimi. Khasu asanagule, anagula malimu onyezimira, zitsulo zomangapo matayala, a mainchesi 15 kwa munthu wochokera ku Joni. Loweruka pa 11 Juni anapita kwa a Shadreck, omanga matayala, atanyamula matayala anayi a mano akuluakulu ochoka ku vani ya kumgodi.

"Awa ndi 235, mukwai," anatero a Shadreck mwaulemu, akuloza nambala ya kufufuma kwa matayalawo. "Limu ilola, koma galimoto ikana. Musapitirire 195."

"Ku Garneton kuli matope, iwe. 195 ndi nsapato za ku ofesi. Ine ndikufuna jombo."

Anawamangadi. Galimoto inatalika ngati mbuzi yoima pachulu, koma akangopotoza chiwongolero, tayala linkakhula madigadi, chitsulo cha pamwamba pake, n'kulira ngati nkhumba yomangidwa panjinga. A Morton anatenga sowo nadula chitsulo mbali imodzi. Asanafike mbali inayo, akazi awo a Felistus anaibisa sowoyo.

"Mwadula zokwanira, atate ake a Jonah. Mukagula ina, ine ndibwerera ku Katete."

Kuyambira pamenepo, pofuna kupita kumanzere ankakhotera kumanja katatu. Ulendo wa kutchalitchi wa mphindi zisanu unkatenga makumi awiri. Pa laundabauti ya m'tauni ankazungulira mpaka kanayi asanalimbe mtima kutuluka. Tsiku lina wapolisi anawaimitsa.

"Mwasochera, bambo?"

"Ayi mwananga, ndikuganiza."

Ine nthawiyo ndinali mphunzitsi wamkulu, ndipo ulemu ndinkausunga ngati mbale za alendo. Akatitenga Sande, ndinkatsikira pamtengo wa jakaranda, patali ndi tchalitchi.

"Alamu, nditsitseni pano, ndiwongole miyendo."

"Miyendo yanuyi imaukonda mtengo umenewu, alamu," ankatero, n'kutsika kudzanditsegulira chitseko.

A Solomon anamwalira pa 6 Febuluwale 2001. Kale mgodi umene nawonso ankagwirako unkapereka bokosi ndi basi ya maliro, koma tsopano unali ndi eni ena. Tinachita hayala lole. Mabwana akale a amuna anga anali kubwera kuchokera ku Kansenshi, ndipo ndinafuna kuti aone mwamuna wanga akupita mwaulemu. Ndinawaitanira pambali a Morton.

"Lachisanu galimoto muisiye kunyumba."

"Akulu anga ankaikonda ija, alamu."

"Ankachita nayo manyazi," ndinatero.

Linali bodza. A Solomon ankakhala kutsogolo akuseka mpaka misozi.

Lachisanu pa 9 mvula inayamba m'mawa. Titasiya tala, lole inatitimira m'matope mpaka m'mimba, manda akadali patali. Magalimoto a ku Kansenshi anaima mzere, mawindo otseka. Amuna anakankha mpaka masuti kusanduka ofiira. Amayi a kwaya anamaliza nyimbo zonse zimene ankadziwa, bokosi likuvumbwa pansi pa tenti yodontha.

Kenaka tinamva nkhumba ija ikulira kumbuyo. A Morton anali kutitsatira chapatali, kuti ine ndisawaone. Sanandiyang'ane. Anatsitsa mipando ya kumbuyo, amuna analowetsa bokosi, ndipo matayala a 235 analuma matope aja ngati akhala akuyembekezera tsiku limenelo. Ife tinatsatira wapansi.

Koma geti la kumanda linali kumanzere, msewu wopapatiza, ngalande uku ndi uku. Malo okhotera kumanja katatu panalibe. Galimoto inaima. A Felistus anapisa dzanja pansi pa mpando wawo natulutsa chinthu chokulungidwa m'chitenje. Sowo ija inali itayenda nawo pamenepo zaka zisanu ndi chimodzi ndi miyezi isanu ndi itatu.

"Dulani, atate ake a Jonah."

A Morton anagwada m'matope ndi suti yawo nadula madigadi a mbali yotsala ija. Zinatenga mphindi khumi ndi ziwiri. Ndikudziwa chifukwa ndinali kuyang'ana wotchi, popeza nkhope ya munthu sindikanatha kuiyang'ana.

M'buku limene ndimalembamo zochita zanga muli masiku anayi amene ndinalemba kuti ndikapepese. Onse anadutsa. Ulimi wa ku Garneton unakanika, ndipo anaganiza zobwerera kumudzi. Pobwera kudzatsanzika, matilesi ali padenga la galimoto, a Morton anasuzumira pawindo.

"Tikutsitseni pamtengo paja, alamu?"

Ndinatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka ndi chakuti, "Muyende bwino."

Masiku ano Sande m'mawa msewu wathu umangoti zii, ndipo ine ndimadutsa pa jakaranda paja wapansi, miyendo itawongoka ndithu. Tsiku lotsanzikana lija ndinaima pageti kuiyang'ana Pijoti ikupita. Pakona inakhotera kumanzere, osalira ngakhale pang'ono. Linali Loweruka, pa 18 Ogasiti 2001.