Piyano ndi Makutu a aTembo

Lolemba
ALazalo Tembo! Ndiwo anandilanda sipanala yochunila piyano ndili mnyamata, kwaya yonse ikuona. Ati, "Makutu akowa ndi otungila madzi a mvula." Lelo ndamva kuti pa Sondo akubwela kuchokela ku Nyimba, mdzukulu wao akubatizidwa kuno. Bwino! Piyano ya m'chalichi ndiichuna ndekha. Amve, abweze mau aja.

Lachiwili
Ndatsegula piyano. Muli chisa cha makoswe, makoko a nshawa, chipeso cha munthu. Makina ochunila sindifuna. Do wa do-re-mi ndili naye m'mutu chibadwile. Basi ya ku Lusaka ikaliza hutala, ine ndimadziwilatu kuti uyo ndi fa.

Lachitatu
Amai Chanda, tichala wa ku Kasama amene amatsogolela kwaya, akuika foni pamwamba pa piyano. "Bambo, foni ikuti mwatsitsa kwambili." Foni! Inabadwa liti? Ati makutu akakalamba amasuntha. Asunthe ao!

Lachinayi
Kwaya ikuyesa nyimbo. Azimai akondwa, sakukuwanso. Koma amuna a besi akubuula ngati ng'ombe pa ngolo. ABanda, mmodzi wa iwo, chibwano chafika pachifuwa, mau sakutuluka, mphepo yokha.

Lachisanu
Ndikumangako mawaya pang'ono. Osati chifukwa cha foni ayi, ndangofuna ndekha. Thwa! Wina waduka. Thwa! Winanso, wandicheka tsaya. Ndaikapo waya wa mabuleki a njinga.

Loweluka
Kumanja piyano ikugwilizana ndi foni, kumanzele ikugwilizana ndi ine. Pakati pali ndewu. Amai Chanda alemba choko pa makiyi osayenela kukhudzidwa. Choko yatha.

Sondo
ATembo ali pa benchi yakutsogolo. Piyano ikulila, mwana akulila, abambo mfumu akuyang'ana kudenga. ATembo akungomwetulila. Panja andigwila dzanja, akufuula, "Yakoma piyano! Amene wachuna ndi katswili!" Mtima wanga myaa. Mwana wao wamkazi akundikoka malaya: "Musavutike kuwayankha, bambo, anagontha kalekale."

Basi. Sipanala ndapeleka kwa amai Chanda, achune ndi foni yao. Ine ndatsala ndi pempho limodzi ndisanafe: awatenge aTembo kuchipatala, awatsuke makutu, awakhazike patsogolo panga. Ndiimbe do mmodzi yekha. Kaya akane, akane atamva.