Waya pa Polo ya eni ku Eersterust

Anzanga, musadzanditumenso kukalangiza ana a anthu. Mayi Mokoena, amene amayang'anira achinyamata omwe khoti linawalola kukhala panja m'malo mopita kundende, anandipempha kuti ndikawaphunzitse kayankhidwe ka mafunso pa intaviyu. Ine poti ndimalemba anthu ntchito pakampani ina m'tauni ndinati aa, zimenezo ndiye zanga, ndinavala suti kutentha konse kuja, ulendo wa ku Eersterust.

Ndinalalikira maola awiri. Kusunga nthawi, ine amene ndinafika mochedwa. Kuyang'ana bwana m'maso. Makamaka kukhulupirika, pamenepo mpaka ndinamenya tebulo. Anawomba m'manja, ine kudzimva ngati nduna.

Potuluka m'holo ndikudina kiyi, galimoto yanga ya Polo yoyera ili zii. Kudinanso, zii. Kulowetsa kiyi pachitseko, akukana. Ndiye mukudziwa nzeru imene inabwera m'mutu mwa munthu wa madigiri awiri? Ndinatembenukira ana aja.

"Pakati panu palibe wodziwa kutsegula galimoto popanda kiyi?"

Mtsikana wina, Lerato, anati, "Malume, ine anandigwira chifukwa cha ndewu. Pano ndikuphunzira kuphika buledi."

Mnyamata wamtali nayenso, "Eish, Malume, ndikangokhudza chitsekocho lero ndikagona m'selo."

Kodi ndinamva? Ayi. Ndinawanyengerera, mpaka kulonjeza kuwagulira chakudya onse. Anakana. Ndinati chabwino, ndinatola waya pampanda, kuvula jekete, n'kuyamba kutokosa pawindo ndekha, ana khumi ndi awiri akundionerera manja ali m'matumba.

Alamu kuti ilire! Mayi Mokoena anatulukira akuthamanga.

"Bambo Phiri, mukutani pa galimoto yanga?"

Yawo, anthuni, Polo yoyera ngati yanga! Yanga inali kuseri kwa holo, itatseguka kalekale ndi kudina kwanga kuja. Ndinayesa kufotokoza, waya ali m'manja, thukuta lili kamukamu, mayi aja akungondiyang'ana ngati mmene amayang'anira munthu amene fayilo yake yafika kumene.

Anandipulumutsa ndi Lerato, ngati kumeneko n'kupulumutsa. "Akhululukireni, Mayi, mlandu wawo ndi woyamba. M'kalasi mwathu mpando ulipo, Lachiwiri timaphunzira ukalipentala."

Kuyambira tsikulo, aliyense wondiitana kukalankhula za khalidwe ndimamuuza kuti ndili ndi chimfine. Ndipo ku Eersterust ndikadzapitanso, ndidzakwera takisi.