Madzi ndi Madzi, Bwana

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu Woona Zogula ndi Kugawa Katundu wa M'zipatala,

Ndagwada, Bwana, ndipo m'manja ndikuwomba, kungoti ndavala magolovesi ndiye mwina sizikumveka. Ndine Luwiza Kamphinda, woyeza magazi pa kachipatala kathu kuno ku Mchinji, m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde komwe pachitseko analembapo kuti labotale pofuna kutilimbitsa mtima. Simungandikumbuke. Tsiku lomwe munabwera kudzajambulitsa ndi makina atsopano ndinaima kumbuyo kwanu, ndipo pachithunzipo ndikuonekapo chigongono chokha.

Kalatayi ndaiika poyera kuti dziko lione mmene mumatikondera. Sindikudandaula ayi, ndine yani ine? Ndikungothokoza, ndipo zothokozazo ndaziika manambala monga mumakondera ku ofesi kwanuko.

1. Zikomo chifukwa cha makina oyezera magazi, aja amaonetsa mmene impso ndi chiwindi cha munthu zikugwirira ntchito. Ndi okongola zedi. Vuto lake anabwera ndi buku lamwano, lomwe limati madzi a mu labotale ali ndi magiredi ngati fodya. Giredi yotsika ndi yotsukira mabotolo ndi timachubu. Yapakati, yomwe anachotsamo mchere wonse wa m'nthaka, ndi yosungunulira mankhwala oyezera komanso yomwetsa makinawo. Yapamwamba ndi ya m'malabotale akuluakulu. Imeneyo ndinangoiona kusukulu, ataitsekera ngati Ukaristiya. Ine sindinapemphe imeneyo. Mwana wa tenanti amadziwa polekezera, ndinapempha yapakatiyo basi. Malemu bambo anga anakalambira m'chigafa akusankha fodya, ndipo ankati belo losakaniza magiredi limabwezedwa ku okushoni. Akhululukireni, sanapite patali ndi sukulu, n'chifukwa chake sankadziwa kuti fodya ndi fodya.

2. Zikomo pondiphunzitsa chinenero changa chomwe. Nditalemba pempho m'Chingerezi, a mu ofesi mwanu anayankha kuti ndilembe zomveka. Ndinalemba kuti ndikufuna madzi otcheza, poti ndimo amapangidwira: amawiritsidwa, nthunzi n'kuzizira n'kumadontha payokha, zonyansa zonse zitatsala mumphika. Yankho linabwera ndi liwiro lomwe sindinalionepo chiyambireni ntchito. Linandikumbutsa kuti kachasu saloledwa pamalo a ntchito, komanso kuti mzimayi wa msinkhu wanga azidzilemekeza. Ndinalandira uphunguwo ndi manja awiri. Polembanso ndinangoti madzi oyera, osadziwa kuti liwu loti oyera lili ngati minibasi ya kuboda, silidzaza.

3. Zikomo kwambiri chifukwa cha makatoni a madzi akumwa omwe munatumiza, a m'mabotolo okhala ndi chithunzi cha phiri aja. Pabotolopo analemba monyadira kuti muli mchere wa m'thanthwe wolimbitsa mafupa. Makina alibe mafupa, Bwana, koma poti lamulo lanu linati tigwiritse ntchito zomwe zilipo, ndinawamwetsa. Tisanayeze magazi a munthu timayamba tayeza madzi okha, kuti makina adziwe poyambira kuwerenga. Makinawo anayeza madzi anu n'kupeza kuti akudwala. Akanakhala munthu tikanawagoneka mu wodi tsiku lomwelo. Posakhalitsa timapaipi ta m'kati tinamanga zoyera ngati ketulo yowiritsira madzi a pamjigo, ndipo makina akayatsidwa ankangolira ngati mwanapiye n'kulemba mawu ofiira.

Mbiri yoti tikusowa madzi oyera inafika mpaka kwa a Mateyo, katekisiti wina wa cha ku Ludzi, omwe anabwera ndi kabotolo ka madzi odalitsidwa atakakulunga m'mpango. Iwo okha sindinawaseke, chifukwa anayamba afunsa ngati madziwo angathandize. Ndinawaza pamwamba pa makina, m'kati ayi. Mpaka tsiku limenelo, mwa onse omwe anatipatsa madzi, ndi iwo okha amene sanawononge kanthu.

4. Apa mundilole ndikudziwitseni Mayi Stelia a ku Dambe. Andilola kutchula dzina lawo, akuti mwina likamveka kumeneko liwathandiza kuposa mmene lawathandizira kuno. Amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku omwe amawasunga ndi moyo, koma mankhwala omwewo nthawi zina amadya impso. Miyendo yawo yatupa, nsapato zinakana kalekale. Adokotala athu aima pamphambano. Akawasiyitsa mankhwalawo, matenda adzuka. Akawapitiriza impso zili zowonongeka kale, ndiye kuti akuwapha ndi manja awo. Chowauza njira ndi magazi pang'ono chabe m'makina anu okongola aja. Tikati titumize magaziwo ku chipatala chachikulu cha pa boma, amadikira njinga yamoto, njingayo imadikira mafuta, ndipo akafika amakhala atawonongeka.

Amuna awo, a Eneya, amawakweza pakaliyala wa njinga yakapalasa, kudutsa nawo m'minda ya fodya monsemo, n'kudzawatsitsa pakhomo pathu kuti ine ndiwauze zoti abwerenso. Sakwiya. Amangothokoza n'kutembenuza njinga. Masiku ano ndikawaona akutulukira pageti ndimalakalaka kubisala kuseri kwa firiji. Ndimachita manyazi, Bwana, komanso ndimaopa kuti tsiku lina a Eneya adzatulukira okha. Manyazi ndi manthawo ndikusunga ndekha, sindingakugawireni popeza simunaitanitse.

Choncho ndinachita chinthu chosadutsa mu ofesi mwanu, mundikhululukire. Ndinalirira mnzanga Vitus, yemwe amagwira ntchito ngati yangayi kutsidya ku Chipata, ndipo ananditumizira chigubu cha madzi a giredi yoyenera pa galimoto yonyamula soya. Ndinatsuka timapaipi tonse mpaka makina analeka kulira, n'kutumiza uthenga ku Dambe kuti Mayi Stelia abwere.

5. Zikomo koposa zonse chifukwa munasankha tsiku lomwelo lomwe Mayi Stelia anabwera kuti mudzatiyendere. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kanu kanatimeta mpala. Nditakweza dzanja pamsonkhano kufunsa za madzi, munamwetulira ngati tate n'kunena mawu omwe ndikufuna alembedwe pakhoma: "Madzi ndi madzi, mayi. Musamavutitse boma." Anthu anawomba m'manja. Inenso ndinawomba, ana anga amadya.

Kenako galimoto yanu inakana kulira. Dalaivala wanu, a Rodrick, atatsegula boneti anapeza batire lauma. Mlonda wathu anathamangira kumjigo ndi ndowa. Ine, pokumbukira phunziro lomwe linali lisanazizire n'komwe, ndinabweretsa botolo limodzi la chithunzi cha phiri. Bwana, sindinadziwe kuti munthu wa thupi ngati lanu angadumphe chomwecho. Munafunsa ngati tikufuna kukupherani batire, n'kulongosola bwino lomwe, kuposa buku lamwano lija, kuti mchere wa m'madzi wamba umadya zitsulo za m'kati. Munafunsanso ngati mu labotale yonseyi mulibe madzi enieni. A Rodrick analowa, napeza chigubu cha Vitus pansi pa tebulo, nathira m'batire. Otsalawo anawaika kubuti, akuti magalimoto ena a ku ofesi nawonso ali ndi ludzu. Ndinatsegula pakamwa, inu n'kundigwira phewa kundiyamikira chifukwa chokonda dziko langa.

Tinakukankhani tonse, ndipo a Eneya ndiwo anakankha mwamphamvu kuposa wina aliyense. Galimoto inalira, munatibayibitsa pawindo. Mayi Stelia anaonerera zonsezi ali pabenchi, atapinda mkono pofinya thonje, magazi awo ali kale m'kachubu. Iwo ndi amene anandipepesa ine.

Akuti mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Anu agonera ndithu, ndipo tsopano ndawamvetsa. Ndinkaganiza kuti simudziwa magiredi a madzi, ndinakulakwirani. Mumawadziwa bwino kwambiri. Chomwe ine sindinkadziwa ndi magiredi a omwa madziwo, kuti batire lili pamwamba, makina pakati, ndipo mlimi wa ku Dambe ali pansi penipeni, limodzi ndi fodya wothothoka yemwe timasesa m'chigafa.

Pachifukwa ichi sindikupemphanso madzi, otcheza kapena oyera. Pempho langa ndi laling'ono, ndipo lili m'mphamvu zanu. Chonde muwalembe Mayi Stelia m'gulu la magalimoto a ofesi yanu. Matayala awiri ali nawo kale, dalaivala alipo ndipo safuna alawansi, nambala yake tidzawamangirira kumsana ndi chitenje. Akakhala galimoto, tsiku lomwe adzakanike kudzuka mudzadumpha nokha kudzafunsa kuti tawathira madzi anji.

Koma mufulumireko pang'ono, Bwana, ngati sikukuvutitsa boma. Galimoto yanu itazima tinaikankha n'kulira. Mayi Stelia akazima, a Eneya adzakankha mpaka madzulo, koma sadzalira iwo. Tidzalira ndife.

Ndine wanu wogwadabe mpaka mutandiuza kuti ndidzuke,

Luwiza Kamphinda
Woyeza magazi, komanso wokankha magalimoto a akuluakulu
Mchinji