Njerwa Zopanda Utsi

Lolemba
Ndikukumbuka malemu bambo anga, kuseri kwa mabalani a fodya a papulazi, famu yathu ino, akukweza njerwa kufika paphewa n'kuisiya. Ikapanda kusweka ankangoti, "Imeneyi ndi munthu." Mayeso onse anali omwewo.

Lero njerwa ikufuna chikalata. Mayi wina wa ku Harare akumanga malo ogona alendo kufupi ndi Banket, ndipo akufuna njerwa zathu zonse, zosawotcha, poti utsi ukudwalitsa dziko. Koma zipite ndi pepala lonena mbiri yake: dothi lachokera kuti, zamwa madzi angati, zatulutsa utsi wochuluka bwanji. Masamba khumi ndi awiri! Akazitenga, komboni yonse, mudzi wathu wa antchito, ili pantchito mpaka chaka chamawa. Pofika Lachisanu ndikhala nditamaliza.

Lachiwiri
Funso loyamba: dzina la wopereka dothi. Dothi ndi la pachulu. Ndalemba kuti "chiswe." Pa nambala ya foni ndadumpha.

Lachitatu
Madzi angati? Ndikufunsa mkazi wanga, amene ankawatunga kudamu. "Bambo a Rute, funsani khosi langali." Ndowa yakenso ndi yodontha. Kodi ogwera m'njira awerengedwe?

Zonyamulira: ngolo.
Mtundu wa injini: ng'ombe ziwiri.
Mafuta: udzu.
Utsi wa injini: ulipo, koma sindingaulembe papepala la anthu aulemu.

Lachinayi
Kodi si pansi pa tsamba lomaliza pali mawu ang'onoang'ono! Njerwa zisachoke pamalo mpaka katswiri wochokera ku Harare atadzaziona ndi maso. Ndaimba foni ku ofesi yake katatu, yankho limodzimodzi: "Ali kuhotela, kumsonkhano wa zachilengedwe, mudhara. Imbaninso." Zikuoneka kuti chilengedwe chimenechi chimakhala kuhotela.

Njerwa zili poyera, zosanjidwa bwino, zofunditsidwa udzu wokha.

Lachisanu
Mitambo yakuda chakumbali ya Mutorashanga. Mafulufute atuluka.

Alamu anga a Zuze, a ku Tete, amene akhala akusonkheza moto m'mabalani kuyambira ndili pasukulu, ayang'ana kumwamba, kenako ayang'ana pepala. "Alamu, limeneli lingafunditse njerwa zingati?" Ndawafotokozera bwinobwino: tikawotcha, tataya wogula. Akugwedeza mutu ngati mmene amachitira kutchalitchi. Ndikuganiza kuti amva.

Loweruka
M'mawa ndakwera kombi ya ku Banket, kukajambulitsa chikalata n'kuchitumiza. Pa funso la utsi ndalemba ndi zilembo zanga za kusukulu ya mishoni: PALIBE. Chapita!

Pobwerera, tisanafike n'komwe pamphambano, kondakitala akuloza: "Maiwe, pulazi yapsa!"

Siinapse. Ndi a Zuze. Aitana komboni yonse, amata uvuni, ayika mitengo ya msasa yaikulu ngati ntchafu za ng'ombe. Azimayi akuimba. Mkazi wanga yemwe ali pakati, nkhuni pamutu! A Zuze akubwera ali mbuu ndi phulusa, mano okha kuyera. "Tazipulumutsa, alamu! Musathokoze, ndife abale."

Masana mvula, yamphamvu. Ndaima pakhonde. Zikanakhala phala zonse zija. Fungo la dothi lopsa likundikumbutsa malaya a bambo. Ndikufuna kukalipa, koma sindikudziwa kuti ndikalipire ndani.

Lamulungu
Uvuni ukufukabe. A Zuze akuti ufuka mpaka Lachinayi, ndipo akunena monyadira. Kutchalitchi anthu akundigwira chanza ngati ndabereka mapasa.

Tikutuluka, foni yalira. Katswiri uja wapeza mpata! Abwera Lachiwiri, teni koloko, pamodzi ndi mayi wogula ndi munthu wa kamera, kudzajambula njerwa zopanda utsi. Akufunsa njira.

Ndawayankha kuti sasochera. Akangodutsa Banket ayang'ane kumwamba.