Kashiamu wa Maapozi Anathera Pamsewu

Kwa Bwana Woyang'anira Munda wa Maapozi,

Wolemekezeka Bwana,

Ndine mmodzi wa amayi asanu osankha maapozi m'shedi, amene mwalamula kuti tichotsedwe ntchito Lachisanu chifukwa akuti manja athu ndi okhakhala, akuwononga zipatso. Ndisanapite, ndati ndikuthokozeni.

Choyamba, zikomo chifukwa cha msewu. Mlangizi wa zaulimi atabweretsa matumba a mankhwala a kashiamu, anatifotokozera tonse kuti chipatso chili ndi chitetezo chakechake m'kati, choletsa mnofu kuda ngati chitsulo chochita dzimbiri, ndipo kashiamu ndiye amachilimbitsa. Anati mitengo izipoperedwa zipatso zidakali zazing'ono. Inu munali pomwepo, koma khutu lili pafoni. Kenaka munamva kwinakwake kuti mankhwala omwewo amagonetsa fumbi, ndiye munalamula kuti awazidwe pamsewu wonse kuti eni munda asadetse nsapato podzayendera. Anabweradi, nabwerera nsapato zili phuliphuli, akukuyamikirani. Mitengo sinalaweko ngakhale dontho.

Chachiwiri, zikomo potiululira mphamvu zathu. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikusankha maapozi, koma sindinkadziwa kuti chala changa chingadutse khungu la chipatso osalikanda, n'kukasiya timadontho tofiirira, towawa, m'kati mwenimweni. Mlamu wanga wa patebulo lomaliza, amene akulera yekha ana atatu, wayamba kuopa kusisita mwana pamutu.

Chachitatu, magolovesi amene munatibweretsera tinavala ndithu. Maapozi akudabe m'chipinda chozizira, kungoti tsopano akuda mwaukhondo.

Kunena zoona, Bwana, mtima ukundiwawa. Taimirira m'shedimo mpaka miyendo kutupa, lero n'kutisenzetsa mlandu umene sitiudziwa mutu wake. Mlamu wangayo sakudziwa kuti anawo adzawauza chiyani.

Pempho langa ndi laling'ono. M'chipinda chozizira mwatsala kreti imodzi imene sinafike pamatebulo athu, ndipo palibe mmodzi wa ife anaikhudza. Lachisanu m'mawa, musanasaine makalata otichotsa, mukasankhemo nokha chipatso chimodzi ndi manja anu ofewawo, muchidule pamaso pathu, muchidye chonse. Chikakukomerani, tidzanyamula zikwama zathu mwakachetechete. Chikakuwawani, mudzameze ndithu, kenaka mudzasaine kalata imodzi yokha yochotsa munthu ntchito. Dzina loti mulembepo mukulidziwa kale.

Ine wantchito wanu wodzichepetsa mpaka Lachisanu,

Wosankha wa patebulo lachiwiri